Chishango cha Agogo Musachipake Vanishi

Awa ndi mau amene mnzathu wina, yemwe ali pa ntchito ya boma yosamala zinthu zamakedzana, analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale ku Mzimba. Tawasindikiza onse kuti amene simunathe kufika muwerenge nokha.

Bambo Wapampando, a Hedimasitala, aphunzitsi athu akale ndi atsopano, anzanga amene tinadyera limodzi nyemba za anankafumbwe pa sukulu ino, amai ndi abambo, monire mose. Chitumbuka changa cha lero chathera pomwepa. Zotsalazi ndilankhula m'Chichewa, popeza bungwe lathu liri ndi anthu ochokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu pa zaka zinai zonse zija munangotolapo mau awiri okha, "yewo" ndi "sima".

Akomiti anandipempha kuti ndifotokoze za ntchito yanga, ndipo ndinavomera msanga chifukwa nanenso ndiri ndi chopempha. Ambiri mukamva kuti wakuti-wakuti amagwira ntchito ya zinthu zakale, mumaganiza kuti amakhala pa khomo la myuziyamu kudula matikiti a ana a sukulu. Iai. Ntchito imene ndinalowa nditachoka ku yunivesite ndi yosamala chinthu chenichenicho: mphika, chikopa, mkondo, pepala, chithunzi. Timafufuza chimene chikuchidya ndi kuchiletsa, kuti chinthucho chikafike kwa adzukulu chiri monga anachisiyira eni ake. Tiri ngati achipatala, kungoti odwala athu sabuula, ndipo tikawapha palibe amene amalira maliro.

Tiyambe ndi kudzifunsa kuti zinthu zakale za boma lino la Mzimba ziri kuti. Dziko lathu liri ndi myuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre imene inatsegulidwa mu 1966, ina ku Mangochi, ina ku Mzuzu ya mu 1986, ndi ya ku Karonga ya mu 2004 kumene kuli mafupa a chinyama chija chotchedwa Malawisaurus. Koma munthu wa kwa Khosolo kapena kwa Mabulabo sanyamula mkondo wa agogo ake kukwera nao basi kukausiya ku Mzuzu, ndipo sindimuuza kuti atero. Chuma chambiri cha mbiri ya kuno chiri m'manja mwa anthu. Kuli zishango, nthonga, mikanda ndi zisoti za nthenga za Angoni amene makolo ao anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, tsiku la kadamsana lija. Kuli makasu ndi nkhwangwa zimene Atumbuka anasula ndi chitsulo cha m'ng'anjo zao. Kuli mabuku a ubatizo ndi a maukwati oyambira nthawi imene Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ku Embangweni mu 1902, ndi ena a Akatolika a ku Katete. Kuli mabuku a milandu m'mabwalo a makhosi, ndiponso makalata ndi ziphaso za madoda amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela. Osunga zinthu zimenezi ndi agogo a pamudzi, alembi a mipingo, nduna za makhosi ndi aphunzitsi. Onsewa ndi anzanga pa ntchito, ngakhale iwo sadziwa, ndipo aliyense akugwira yekha-yekha popanda womufunsa.

Mungaganize kuti mdani wamkulu ndi chiswe. Chiswe chimaononga ndithu, pamodzi ndi njenjete, makoswe ndi chuku cha nthawi ya dzinja. Komabe pa zimene ndaona m'maulendo anga, zinthu zambiri zabwino zafa ndi manja a anthu ozikonda.

Chaka china ndinafika pa mudzi wina cha kum'mwera kwa Jenda. Panali chishango cha agogo ao a agogo, chimene kwa zaka zosawerengeka chinapachikidwa ku denga la nyumba ya udzu. Utsi wa pamoto unkachiteteza ku tizilombo, ndipo pansi pa udzu sipatentha kapena kuzizira mwadzidzidzi. Tsono mnyamata wa pamudzipo anabwera kuchokera ku Joni, namanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, nafuna kulemekeza makolo ake pochiika chishangocho pa balaza kuti alendo azichiona. Anachitsuka ndi sopo. Ataona kuti chauma gwa, anachipaka oyilo wa galimoto kuti chifewe, kenaka vanishi kuti chiwale. Mkondo anaukwecha ndi sandipepa mpaka unanyezimira ngati mpeni wa m'sitolo. Mtima wake unali wabwino kwambiri, ndipo anataya ndalama zake.

Vuto ndi lakuti chishango chimapangidwa ndi chikopa chosafufuta, ndipo chikopa chotere chimapuma. Mvula ikamagwa chimamwa chinyezi n'kufutukuka, m'chilimwe chimauma n'kukhwinyata. Vanishi satsata kayendedwe kameneka. Amauma ngati chikhokho cha nsima, ndiye chikopa chikamasuntha pansi pake iye amang'aluka n'kumazula ubweya. Oyilo nayenso amadetsa chikopa ndi kukoka fumbi, ndipo akalowa satulukanso. Pansi pa malata, pamene masana pamatentha ngati uvuni ndi usiku wa Juni pamazizira monga mudziwira kuzizira kwa kuno, zonsezi zinachitika mofulumira. Pamene ndinafika ine, patangopita madzinja awiri, maanga a ng'ombe ija anali atasanduka chikanga chakuda. Pa mkondo paja sandipepa anafafaniza zipsera za nyundo ya wosula, zimene zikanatiuza ngati chitsulocho chinachokera m'ng'anjo ya kuno kapena chinali chidutswa cha chitsulo cha Azungu. Anandifunsa ngati ndingachikonze. Ndinawauza zoona, kuti palibe katswiri pa dziko lapansi amene angabwezere ubweya umenewo.

Zofanana ndi zimenezi ndinaziona pa mpingo wina wa kumudzi, umene sindiutchula. Mlembi wakhama anaona kuti masamba a kaundula wakale wa ubatizo akung'ambika, nawamata ndi selotepi. Selotepi ikakhala zaka zingapo imauma n'kugwa yokha, koma ulimbo wake umatsala utalowa m'pepala, wofiirira, ndipo pamene unadutsa maina saonekanso. Masamba ena anawatumiza ku tauni kukawamata pulasitiki pa makina otentha aja. Chikalata choteroko chatsekeredwa mpaka kale-kale, chifukwa pulasitikiyo imasungunukira m'pepala momwe. Musaganize kuti ndi umbuli wa kuno kokha. Mu 2012, m'tauni ya Borja ku Spain, mai wina wokalamba wokonda tchalitchi chake anafuna kukonza chithunzi cha Yesu chojambulidwa pa khoma, ndipo chimene chinatuluka chinaseketsa dziko lonse.

Pa chifukwa chimenechi, mwambo waukulu wa ntchito yathu ndi wakuti chilichonse ungachite pa chinthu chakale, wobwera pambuyo pako athe kuchimasula. Iye adzakhala ndi nzeru ndi zipangizo zoposa zako, choncho usamutsekere njira. Mphika wosweka timaulumikiza ndi guluu wotchedwa Paraloid B-72, amene amasungunuka ukamuthira acetone, kotero kuti ngati tinalakwitsa polumikiza wina adzaphwasula bwino-bwino. Supa guluu wa pa golosale amagwira msanga, koma pomuchotsa amanyotsola dothi la mphika. Pa pepala lakale timalemba ndi pensulo, bolopeni ai. Ndipo kawiri-kawiri mankhwala abwino koposa ndi kungochichotsa chinthucho pa dzuwa ndi pa chinyezi, kuchikweza pamwamba kuti chiswe chisachipeze, n'kuchisiya. Zimenezi zimavuta kwa munthu wophunzira, chifukwa timafuna anthu aone kuti tagwirapo ntchito.

Mwambo wina ndi kulemba, ndipo pano ndikutengerani ku phiri la Hora, limene nonse mumalidziwa. Ambiri timalidziwa chifukwa cha nkhondo ya Baza Dokowe ndi Angoni cha m'ma 1880, ndi chifukwa cha mwambo wa Umthetho umene umachitikira kumeneko mwezi wa Ogasiti. Koma m'mapanga a m'munsi mwa phirilo munkakhala anthu kale kwambiri, Angoni ndi Atumbuka asanabwere. J. Desmond Clark anakumbako mu 1950 napeza mafupa a anthu. Kuyambira mu 2016 gulu lotsogoleredwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi akatswiri a dziko lino ndi anthu a midzi yozungulira, linakumbanso. Mu 2022 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa zotsatira za kupima mafupa a tiana tiwiri ta ku Hora, timene tinaikidwa m'manda zaka zoposa 14,000 zapitazo. DNA yao iri m'gulu la yakale koposa imene yapezeka mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Dzina la Mzimba linamveka m'mayunivesite a dziko lonse.

Chimene chinapatsa mafupa amenewo mtengo ndi cholembera. Dothi linachotsedwa pang'ono-pang'ono ndi kusefedwa, ndipo kanthu kali konse, ngakhale kamkanda ka chigoba cha nkhono, kanalembedwa pamene kanapezeka, kuya kwake, ndi chimene chinali pambali pake. Munthu wofuna chuma chokwiriridwa akanalowa m'phangamo usiku ndi khasu, akanatulutsa mafupa omwewo, koma akanakhala mafupa chabe osanena kanthu. Chimodzi-modzi ndi mkondo wa kwanu. Agogo amene akudziwa mwini wake, kumene anausula ndi nkhondo imene unapitako akamwalira musanalembe, mwatsala ndi chitsulo cha dzimbiri. Ine ndikafika pa mudzi ndimayamba ndatulutsa kope, chinthucho ndisanachikhudze, ndipo ndimalemba ngakhale zimene ndikuzikayikira, pamodzi ndi dzina la amene wandiuza.

Tsopano ndinene za ndalama, pakuti ndi pamene khalidwe la munthu limayesedwa. M'midzi yathu mumayenda anthu ogula zinthu zakale. Amafika nthawi ya njala, Januwale kapena Febuluwale, napereka mtengo wa thumba la chimanga pa mikanda kapena mtsamiro wa mtengo umene kunja ukagulitsidwa ndalama zoti n'kumangira nyumba. Lamulo la dziko lino la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kukumba malo a mbiri yakale kapena kutulutsa zinthu zotere kunja popanda chilolezo cha boma. Choncho wogula uja amasowa munthu wa ntchito ngati yanga woti amulembere kalata yonena kuti katunduyo ndi ziboliboli zatsopano za alendo. Mnzanga wina wachinyamata, atangoyamba kumene ntchito, anandiimbira foni usiku. Kunabwera bambo wovala bwino ndi katoni ya zinthu, wofuna kalata yotere, ndipo anasiya envulopu pa tebulo ponena kuti ndi ya fanta. Mnyamatayo malipiro anali atatha pa 10, mwana ali m'chipatala. Tinakambirana nthawi yaitali, ndipo m'mawa mwake anabweza envulopu ija, kalata osalemba. Sindikunena kuti ine ndinamupulumutsa. Chimene chinamuthandiza ndi chakuti anali ndi nambala ya munthu wa ntchito yomweyo woti amufunse, amenenso akanachita naye manyazi mawa lake. Akanakhala yekha, sindikudziwa.

Chinthu chikatuluka m'dziko, kuchibweza ndi nkhani ya mibadwo. Anzathu a ku Zambia akhala akupempha kwa zaka zambiri chigaza cha munthu wamakedzana chimene chinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 n'kutumizidwa ku London.

Madokotala ali ndi Medical Council of Malawi, maloya ali ndi Malawi Law Society, ndipo wochita zosayenera amaitanidwa ndi anzake kuti ayankhepo. Pa ntchito yathu, aliyense wogula botolo la guluu angathe kudzitcha katswiri. Malamulo a khalidwe alipo. Bungwe la ICOM, limene limasonkhanitsa ogwira ntchito m'mamyuziyamu a maiko onse, linagwirizana malamulo ake ku Buenos Aires mu 1986 ndi kuwakonzanso ku Seoul mu 2004. Amaletsa wa ntchito imeneyi kuchita nao malonda a zinthu zakale, kulandira mphatso kwa ochita malondawo, kapena kulandira chinthu chimene sichikudziwika bwino m'mene chinachokera kwa eni ake. Kuno ku Africa bungwe la ICCROM la ku Rome linayendetsa maphunziro otchedwa PREMA m'zaka za m'ma 1990, ophunzitsa kuteteza zinthu zisanaonongeke, ndipo mu 1999 akatswiri a mamyuziyamu a mu Africa anakumana ku Lusaka nakhazikitsa bungwe la AFRICOM. Zonsezi ndi zabwino, ndipo akuluakulu amene anandiphunzitsa ine ntchito anapindula nazo. Koma zinathera m'mizinda ikuluikulu ndi m'Chingerezi. Mlembi wa mpingo wa ku Luwerezi, amene m'kabati mwake muli mbiri ya mabanja mazana-mazana, sanazimvepo.

Pali nkhani ina imene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena a ntchito. Iwo amafuna kuti chilichonse chakale chilowe m'bokosi la galasi, munthu asachikhudzenso. Ine ndimati chishango chimene chimatuluka kukavina ingoma pamaso pa Inkosi ya Makhosi ku Edingeni kapena ku Hora chiri pa ntchito yake, ndipo udindo wanga ndi kuthandiza mwini wake kuti chikhalitse chikuvinabe. Ngati chakalamba kwambiri, timupeze mmisiri asoke chatsopano chovinira, chakalecho chipume, ndipo potero luso la mmisiriyo nalonso silifa. Chimodzi-modzi ndi zipangizo za ng'anga za vimbuza, gule amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi gule wamkulu. Nsupa ya ng'anga sindiitsegula kuti ndione za m'kati, sindiitsuka, ndipo ngati mwini wake wanena kuti isajambulidwe, kamera imabwerera m'chikwama. Digiri yanga sindiyo chilolezo cholowera pali ponse.

Nkhani ya kuvala ndi kuvina imeneyi ikukhudzanso mankhwala ophera tizilombo. Kale mamyuziyamu a ku Ulaya ndi ku America ankathira zikopa ndi nthenga poizoni monga arsenic ndi DDT. Tizilombo tinafadi, koma zinthu zina zitabwezedwa kwa eni ake kuti azizivala pa miyambo yao, zinapezeka kuti ndi zoopsa pa thupi la munthu. Ndiye inu mukaona njenjete pa chisoti cha nthenga, musathire mankhwala a m'nkhokwe a chimanga aja, chifukwa mawa chidzakhala pa mutu wa munthu wotuluka thukuta. Chikulungeni m'pulasitiki, mumange bwino mpweya usalowe, muchiike mu difiriza yozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu. Mukachitulutsa musamasule msanga. Chisiyeni tsiku limodzi chiri chomangabe kuti chinyezi chigwire kunja kwa pulasitiki. Kuzizira kumapha tizilombo ndi mazira omwe. Magetsi akazima pakati pa sabata, muyambirenso kuwerenga masiku.

Tsono chopempha changa ndi ichi, Bambo Wapampando. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ife olembedwa ntchito imeneyi ndi boma tiri owerengeka, sitingafike pa mudzi uli wonse kuchokera ku Euthini mpaka kwa Khosolo. Ndikupempha bungwe lathu kuti liitanitse msonkhano wa tsiku limodzi chaka ndi chaka kuno ku boma, wa anthu amene akusunga kale zinthu: alembi a mipingo yonse, nduna ndi alembi a makhosi, aphunzitsi a mbiri yakale, oyang'anira malaibulale a sukulu, amisiri osoka zishango ndi otunga mikanda. Tipite kaye kwa makhosi kukapempha, monga mwa ulemu wa kuno, pakuti popanda mau ao palibe adzatulutse kanthu. Ine ndi anzanga awiri kapena atatu tidzabwera kudzaphunzitsa, komanso kudzaphunzira, chifukwa mmisiri wa zishango amadziwa za chikopa zimene siziri m'buku liri lonse limene ndinawerenga ku koleji. Pa msonkhano woyamba anthuwo agwirizane okha malamulo ao ochepa, okwana tsamba limodzi, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo aliyense achoke ndi maina a anzake oti awafunse asanapake kapena kumata kanthu, ndi oti awadziwitse wogula akalowa m'mudzi. Malamulo amene anthu apangana okha amawasunga kuposa ochokera ku likulu.

Bungwe lino liri ndi zonse zofunika. Muno muli maloya amene angatifotokozere lamulo la 1990 lija m'chinenero chomveka. Muli abusa ndi ansembe amene angatsegule makabati a mipingo. Muli a bizinesi amene ali ndi madifiriza m'mabutchala mwao, ndipo ndaona ena akuyang'ana pansi. Muli ana a makhosi. Ndalama zofunika ndi za chakudya cha tsiku limodzi, makope a chikuto cholimba, mapensulo, ndi mabokosi achitsulo angapo.

Tiyambire pa sukulu yathu ino. A Hedimasitala andionetsa m'mawa uno makaundula olembamo ophunzira kuyambira chaka chimene sukulu inatsegulidwa, zithunzi za matimu a mpira, ndi zikho. Maina a tonsefe ali m'menemo, pamodzi ndi zilango zimene ena munalandira, zomwe ndalonjeza kusaulula. Mabuku amenewa alipo amodzi-amodzi, opanda ena ofanana nao kwina kuli konse. Mukukumbukira kuti mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa usiku umodzi, mabuku zikwi-zikwi n'kusanduka phulusa. Ndikupempha kuti tchuthi chikubwerachi anthu anai odzipereka akhale nane masiku atatu, tijambule tsamba liri lonse ndi kamera, zithunzizo zisungidwe malo awiri osiyana, ndipo mabukuwo alowe m'bokosi lachitsulo lokwezedwa pa njerwa, kutali ndi khoma.

Mlembi wathu ali ndi pepala pakhomo paja. Amene mukufuna kuthandiza pa makaundula a sukulu, kapena mukudziwa munthu wa kwanu woyenera kuitanidwa ku msonkhano uja, lembani dzina ndi mudzi potuluka. Chonde chinthu chenichenicho musabwere nacho pa minibasi. Chisiyeni pamene chiri, mungolemba chimene chiri ndi amene akuchisunga, ife tidzachipeza komweko.